Ulendo wa Mamailosi a Mng'ono Wanga

1

Ndine mphunzitsi wa jogalafe. Zaka zonsezi ndakhala ndikuloza mayiko pa mapu ndi kandodo, chonsecho phazi langa linali lisanapondepo kunja kwa dziko lino. Ana asukulu ankadziwa. Ndikamafotokoza za mayiko ozizira, wina kumbuyo ankaimika mkono mwachipongwe: "Madamu, inu munafikako?" Kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali.

Tsono mumvetse mmene mtima wanga unadumphira tsiku limene mng'ono wanga anaimba foni ya vidiyo kuchokera kutsidya kwa nyanja. Mng'ono wangayu timamutcha Dona kuyambira ali mwana, chifukwa ngakhale potaya zinyalala ankayenda ngati pali wina akumujambula.

"Asisi, holide ikubwerayi mubwere kuno ndi Kaphwiti. Mudzaone kumene ndimakhala."

"Tibwere ndi chiyani, Dona? Ukuyesa mphunzitsi amakwera ndege? Tikwere mtambo?"

"Mamailosi, asisi! Alamu anu amauluka ndi ntchito mwezi ndi mwezi, ndiye kampani ya ndege imawapatsa mapointi, amati mamailosi. Akachuluka umatenga nawo tikiti osatulutsa kanthu m'thumba. Akwana anthu awiri, inu ndi mwana."

Ndikuuzeni za Kaphwiti. Pobereka ndi wa Dona, koma pa china chilichonse ndi wanga. Anandisiyira asanayambe n'kukwawa komwe, kakhanda koonda, kolira ndi timawu tating'ono ngati kambalame, dzina n'kuchokera pomwepo. Dona anati akukaphunzira chaka chimodzi basi. Chaka chimodzicho chinasanduka zaka khumi ndi ziwiri, mwamuna watsopano, nyumba ndi galimoto. Ine ndi amuna anga Mulungu sanatipatse wathu wa m'mimba. Mano a Kaphwiti anamerera pa chala changa, chikuku anadwalira kumsana kwanga. Ine ankanditchula amayi, amuna anga adadi, ndipo Dona anali amami, munthu wa m'foni.

Dona anali atapemphapo kangapo kuti mwana apite akakhale naye. Ine ndinkayankha kuti amalize kaye kalasi iyi, kenako kalasi inayo. Nanga mwana ndi wailesi, yoti umangokatenga kumene unasungitsa? Pasipoti yake ndinkaisunga ndekha mu sutikesi yokhoma. Kenako Dona anangosiya kupempha, ine n'kumati mwana wa mayi anga wamvetsa tsopano.

2

Patapita masiku angapo anaimbanso.

"Asisi, pali kavuto kakang'ono. Mipando ya mamailosi imakhala yochepa, ndipo pa bwalo la ndege lakwanuko yatha. Ndaipeza pa bwalo lalikulu la dziko lachitatu. Mukwera basi, mudutsa maboda awiri, ndege mukaikwerera kumeneko."

Munthu wanzeru akanafunsa mafunso. Ine ndinaomba m'manja. Mayiko awiri aulere ndisanakwere n'komwe ndege!

Ndinabwereka mapu akusukulu n'kuwakhoma pabalaza, pamwamba pa wailesi yakanema. Njira yathu ndinailemba ndi ulusi wofiira ndi timapini. Ndinakapeza mayi wina wa geni yodutsa maboda, kholo la mwana wa m'kalasi mwanga, kuti andiphunzitse.

"Madamu, osasintha ndalama ndi anthu obwera pa windo la basi, akugwiritsani mapepala. Mutenge cholembera chanu, pa boda palibe wobwereka mnzake. Mukatsika muloweze nkhope ya kondakitala, chifukwa basi imakakudikirani kutsidya, ndipo mabasi onse amafanana. Ndipo mwanayo dzanja osalitaya, ngakhale kuchimbudzi."

Zonsezi ndinazisunga ngati malamulo a m'Baibulo. Tinakabayitsa katemera n'kulandira makhadi achikasu. Ku ofesi ya kazembe ndinaima pa mzere kuyambira m'mawa mpaka miyendo kutupa, viza n'kutuluka. Dona anatumiza kalata yodindidwa ndi loya yondiloleza kudutsa ndi mwana pa boda. Matikiti ndinakasindikiza m'tauni n'kuwaika m'kathumba ka pulasitiki, ndipo tsiku lililonse ndinkawatulutsa kuti ndione dzina langa. Ndinagulanso majekete awiri a kaunjika, okhuthala ngati matiresi.

Ku sitafu rumu anzanga anatopa nane. Ndikangotsegula pakamwa, ahedi ankati, "Tcherani khutu, amayi a mamailosi ayamba."

Amuna anga ndi makaniko wa majenereta, munthu wosalankhulalankhula, koma masiku amenewo anaonjeza. Ndikawaonetsa ulusi wanga pa mapu ankangoti, "Ee, Dona akudziwa chimene akuchita," maso ali pa sipanala. Dona nayenso anayamba kuimbira pa foni yawo, ati netiweki yanga ikuvuta. Bambo ankapatsira mwana foni, mwana n'kukalankhulira kuchipinda.

Tsiku lolongeza ndinapeza Kaphwiti akukankhira mu sutikesi malipoti ake onse akusukulu, kachidole kothothoka diso, ndi chithunzi chathu atatu chimene chinkakhala pa khoma.

"Iwe, holide yokha, ukusamuka kodi?"

"Ndikufuna ndikawaonetse amami," anatero, osandiyang'ana.

Nsapato zake za sukulu anapatsa mwana wa aneba. Ndinamukalipira kuti temu ikubwerayi avala chiyani, iye anangoti zayamba kumuthina.

3

Ku depoti amuna anga anachita chinthu chimene sindinawaonepo chikhalire. Anamukumbatira mwana, osamusiya, mapewa akugwedezeka. Bambo wamkulu, wandevu za imvi, misozi ili chuchuchu pakati pa ogulitsa madzi ndi onyamula katundu.

"Abale inu, bambo, mukutichititsa manyazi!" ndinatero ndikuseka. "Tikubwera posachedwa pompa. Ine bwanji simukundilirira?"

"Muyende bwino, mayi," anatero, n'kutembenuka basi isananyamuke.

Ulendo wa pa basi unali wokoma, ndipo n'chifukwa chake umandiwawa. Ndinkaloza mapiri ndi mitsinje pa windo n'kumatchula mayina ake, zinthu zimene ndinkangoziona m'buku. Pa boda yoyamba tinatsika tonse ndi katundu, dzuwa likuswa mtengo, mzere wokhotakhota ngati wa kuchipatala. Chidindo chitagunda pa pasipoti yanga, gu! ndinatsala pang'ono kulira. Tinadutsa mlatho wapansi, dzanja la mwana lili nganganga m'dzanja langa, ndipo ndinaima pakati penipeni.

"Kaphwiti, taona! Mwendo uwu uli dziko lina, uwu dziko lina!"

Anaseka pang'ono, kenako anandigwira m'chiuno n'kubisa nkhope pa bulauzi yanga. Ndinayesa kuti watopa.

Pa boda yachiwiri anatikhuthulitsa masutikesi, ofisala n'kutembenuza kalata ya loya uku ndi uku, kufunsa mwana dzina ndi kumene akupita, kenako n'kutidindira. Titabwerera m'basi ndinayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, amayi ena kumbuyo n'kuivomera. Kaphwiti sanaimbe nawo. Anagona pa miyendo yanga ngati kale ali wamng'ono, ine ndikumusisita tsitsi.

4

Bwalo la ndege lija, abale, ndi tauni payokha. Magalasi okhaokha, masitepe oyenda okha, pansi poti n'kudziyang'anirapo nkhope. Tinafika m'mawa ndithu, ine nditavala kale jekete langa ngakhale thukuta linali kamukamu. Pa kauntala panali mtsikana wa milomo yofiira. Ndinamupatsa mapasipoti ndi kathumba kanga ka pulasitiki monyadira.

Anagogoda pa kompyuta. Anayang'ana mwana n'kumwetulira. Anagogodanso, n'kuyang'ana ine, kumwetulira kuja n'kuzima.

"Mayi, mwanayu ali m'ndege ya lero, zonse zili bwino. Walembedwa ngati mwana woyenda yekha, antchito athu amusamalira mpaka akafike kwa mayi ake."

"Woyenda yekha bwanji? Simukundiona ine pano?"

"Tikiti yanu inathetsedwa, mayi."

"Yang'ananinso, mwanawe. Dzina langa si ili apa?" Ndinagogoda pepala ndi chala.

"Pepalali ndi lakale. Tikiti ya mamailosi mwini akaunti akhoza kuithetsa, mamailosi n'kubwerera kwa iye. Yanu anaithetsa mwezi watha."

Mwezi watha! Nthawi imene ndinkasankha majekete pa kaunjika, ndikunenerera mtengo.

"Nanga ya mwanayu, yobwerera ndi ya liti?"

Mtsikana uja anatsitsa mawu. "Ndi yopita yokha, mayi."

Anthu kumbuyo anayamba kung'ung'udza kuti tikuchedwetsa mzere. Ndinakoka sutikesi ndi dzanja limodzi, mwana ndi linalo, mpaka pa mipando yachitsulo pafupi ndi zimbudzi. Ndinaimbira Dona. Anayankha foni isanaitane kawiri, zoonetseratu kuti ankaidikira.

5

"Dona, akuti tikiti yanga yathetsedwa. Pali kulakwitsa, eti? Tandiuza kuti pali kulakwitsa."

"Asisi, khazikani mtima pansi."

"Usandiuze za mtima! Wachita chiyani iwe?"

"Ndatenga mwana wanga, asisi. Ndakupemphani kangati? Mukanadziwa, pasipoti ija mukanaitulutsa? Sukulu ndamupezera kale kuno."

"Ndiye ine unandiitanira chiyani? Viza ija, katemera uja, kundiimika pa dzuwa ngati chitsiru?"

"Mwana sangadutse boda ya pansi yekha. M'ndege akhoza. Ndipo inu simukanam'pereka kwa munthu wina aliyense."

"Nanga bwalo lakwathu linalakwa chiyani?"

"Kwanuko mukanangomugwira dzanja n'kukwera naye minibasi kubwerera kunyumba."

Mwamva? Mwana wa mayi anga, amene ndinkamubereka kumsana, anakhala pansi n'kundiyeza ngati nsalu. Anadziwa pamene ndili wolimba, anadziwanso pamene ndili wofewa, n'kundidyetsa njomba ndi njala yanga yomwe yofuna kuona dziko.

"Musadandaule, asisi, tikiti ya basi yobwerera alamu akugulirani kale, ili pa foni yanu. Inu mungosaina pepala lopereka mwana."

Ndinadula foni. Ndinatembenukira kwa Kaphwiti kuti ndimuuze zimene amami ake atichita, ndimutonthoze. Koma mwanayo sanali wodabwa. Anali atazyolika, akukanda chigubu cha madzi ndi chikhadabo.

"Iwe," ndinatero. "Unkadziwa?"

Anagwedeza mutu kuvomera.

"Kuyambira liti?"

"Kalekale. Amami anati ndikakuuzani mubisa pasipoti. Adadi anati ndilimbe mtima, mudzamvetsa pambuyo pake."

Adadi. Misozi ya ku depoti ija. Nyumba yonse inkadziwa, kupatula ine ndi ulusi wanga wofiira. Ndinkadya nawo, ndinkagona nawo, iwo akundionerera ndikuyeserera jekete pa galasi.

Panabwera mayi wina wovala yunifolomu ya kampani, atanyamula pepala ndi kathumba kokoleka m'khosi mwa mwana. Anati popanda siginecha ya amene wabwera naye, mwana sakwera. Mphamvu zinali zidakali m'dzanja langa! Ndinagwada pansi poterera paja, anthu akutilambalala ndi matrole awo, ndinamugwira mwana mapewa.

"Kaphwiti, mwana wanga, tamvera. Basi yobwerera ilipo masana ano. Ndikapanda kusaina, palibe angakutenge. Usaope amami, usaope adadi. Undiuze iwe mwini. Tiye kunyumba, kapena ukwera?"

Ndinali wotsimikiza, abale. Ndinali nditagwira kale chogwirira cha sutikesi yake.

Analira, mamina ndi misozi pamodzi. Kenako anati, "Amayi, musakwiye. Ndikufuna kupita."

Mawu a Dona anandipweteka, za amuna anga zinandinyansa, koma awa ndi amene anandipha. Ndinadzuka. Ndinasaina ndi cholembera changa chomwe chija. Ndinamutsekera zipi ya jekete mpaka m'khosi.

"Usamamwe madzi ozizira, chifuwa chako ukuchidziwa. Ukawauze amami kuti mazira amakutulutsa ziwengo, iwo sadziwa."

Anandikumbatira, mayi wa yunifolomu n'kumugwira dzanja. Analowa pa chipata chimene ine sindikanaloledwa kudutsa. Mayi uja anali atandisiyira kope la pepala lija. Ndinalowa kuchimbudzi, ndinaling'amba tizidutswatizidutswa, ndinaliponya mu bini pamodzi ndi jekete langa.

6

Ndinkayesa kuti zatha. Mawa lake masana, pa boda yotulukira m'dziko lija, ofisala wina wamkazi wa magalasi anayang'ana pasipoti yanga, anayang'ana kompyuta, n'kuika chidindo pambali.

"Mayi, munalowa m'dziko muno ndi mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri. Ali kuti?"

"Wakwera ndege."

"Yekha? Pepala la kampani ya ndege lili kuti?"

Ndinene kuti lili mu bini? Anandilowetsa m'kachipinda kopanda windo, muli benchi, fani yakufa ndi makatoni a katundu wolandidwa. Kondakitala anasuzumira kamodzi, anatsitsa sutikesi yanga, basi n'kupita. Anabwera wapolisi wamwamuna. Anati akudziwa bwino amayi amene amadutsa ndi ana a anthu n'kubwerera okha. Ine, mphunzitsi wa ana a anthu, kundiyesa wogulitsa ana!

"Pali amene angakuchitireni umboni?" anafunsa ofisala uja.

Analipo mmodzi yekha pa dziko lonse lapansi. Ndinali nditalumbira m'basi kuti sindidzamuimbiranso mpaka imfa. Ndinamuimbira.

Dona anatulukira pa foni atavala gauni ya m'nyumba, kumbuyo kwake khitchini yoyera mbee. Analankhula ndi ofisala mokoma, mwaulemu, anaonetsa kalata ya kubadwa kwa mwana, kenako anaitana Kaphwiti. Mwana anabwera atavala juzi yatsopano, tsitsi atamumanga mwa mtundu wina. Anatchula dzina lake, anati ali bwino. Atandiona pa benchi paja anayamba kunena kanthu, koma ofisala anali atatembenuza kale foni.

"Ameneyo ndi mkulu wanga," Dona ankatero. "Anangondithandiza kumuperekeza mwana."

Ofisala anadula foni n'kutenga cholembera. "Ndiyenera kulemba mawu anu, mayi. Mwanayo ndi wanu?"

Ndinayang'ana fani yakufa ija.

"Mayi, ndikufunsa. Ndi wanu kapena si wanu?"

"Si wanga."

"Mokweza, ndimve."

"Si wanga. Ndinangomuperekeza."

Analemba, anadinda, n'kundiuza kuti ndikadikire basi ina panja.

7

Kunyumba ndinapeza amuna anga atasesa, atachapa makatani, ataphika. Munthu amene chikwatirane sanagwirepo tsache.

"Mayi, khalani pansi tikambirane. Anali mwana wa eni ake. Tikanamutsekera mpaka liti? Kumeneko akaphunzira bwino."

"Munkandiyang'ana ndikusita jekete, bambo. Munkamva chiyani?"

"Ndinkaopa kuti mukadziwa muchita zoopsa."

"Ndiye munaona kuti ndibwino ndikadziwire pakati pa alendo, dziko la eni, pafupi ndi chimbudzi?"

Mpaka lero tili nyumba imodzi, ndimawaphikira, ndimawachapira, koma ndimagona m'chipinda cha mwana. Kusukulu ndinanena kuti viza inavuta pa bwalo la ndege. Ahedi anandipepesa, ndipo palibe amene anandiseka pamaso.

Kaphwiti amaimba Lamlungu masana. Ndimayankha, nanga n'kutani? Amandiuza za sukulu, za anzake atsopano, ndipo ine ndimafunsa za chifuwa. Iye ndilibe naye mlandu. Mwana amene amami ake ndi adadi ake am'senzetsa chinsinsi chotere, n'kuyenda nacho maboda awiri atagona pa miyendo ya amene akum'namiza, nayenso analakwiridwa. Dona akalowa pa foni ndi "asisi" wake, ndimaigadabuza pa tebulo.

Inu amene mukuwerenga, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kuweruza. Mukuti Dona ndiye mayi wake, anali ndi ufulu. Nenani, pakamwa ndi panu. Koma ndikulankhula ndi inu amayi ndi abambo amene mukulera ana a abale anu, amene mumadzuka nawo akatentha thupi, mumapita ku misonkhano ya makolo, mumadziwa chimene chimawatulutsa ziwengo. Khalani pansi ndi eni ake mwana akadali wamng'ono, mufunsane maso ndi maso kuti mathero ake adzakhala otani. Mukaona kuti amene ankapempha wangosiya kupempha, musagone. Ndipo inu amene munasiya ana m'manja mwa ena, mukafuna kuwatenga, bwerani nokha, mugogode pa chitseko, mulandire matukwana anu muli chiimire. Munthu amene anakulererani mwana si basi yoti mukwezepo katundu.

Dona akanabwera yekha kudzam'landa, bwenzi lero ndili ndi munthu mmodzi wodana naye, ndipo bwenzi ndikugona tulo. Koma amene anatulutsa pasipoti mu sutikesi, amene anam'gwira dzanja pa mlatho, amene anaimba nyimbo m'basi njira yonse, amene anasaina, ndine.